Mutinta Anaseka Asanamasulidwe

Nchito yolembedwa ndinaiyamba mochedwa, mutu utachita kale imvi. Moyo wanga wonse ndinali wa pamsika. Ndinkagula nsomba kumtsinje m'mamawa n'kukagulitsa ku Nangongwe, popanda munthu wondiuza nthawi yowerukira. Amuna anga atawachotsa nchito kufakitale ya fetereza sanakhalitse, anatisiya. Kenaka mwana wanga Lute nayenso anapita, ana ake n'kugwera m'manja mwanga. Chaka chimene ndikunenachi nsomba zinasowa, ndipo mawondo anga anayamba kukana beseni.

Amene anandipezera nchitoyo ndi amake Bupe, mnzanga wa kutchalitchi amene amachapa zovala palodji ina ya m'mbali mwa mtsinje. Anandipeza ndikuingitsa ntchentche pa milamba imene inakana kugulidwa.

"Amake Lute, kuli mzungu palodji, akopa bantu mafoto. Afuna mzimai mukulu womuyendesa."

"Akakopa apeleka kuti?"

"Kaya. Imwe mufunsa monga ba polisi. Afuna chabe wokamba Chinyanja na Chitonga na kachizungu pang'ono."

"Nanga bamene banaphunzira basila mu Kafue?"

"Namuuza kuti kuli mai wina wamene sakhulupirira olo mthunzi wake. Ati ndiye wamene nifuna."

Ndinapita, foni nditaibisa m'chifuwa. Dzina lake linali Marta, koma ife tinkangoti ba Marita. Anali wamtali, woonda, wopsa ndi dzuwa la maiko ambiri, nsapato zake zachimuna. Ananditsegulira buku lolemera ngati njerwa, lodzaza nkhope zokhazokha. Munali mkulu wina woweta nkhosa kudziko la chisanu, ndevu zitauma gwa. Munali mzimayi wothyola tiyi, dengu lili kumsana, ndi amuna okumba mchere, milomo itang'ambika. Panalibe ndi mmodzi yemwe womwetulira. Ndinamufunsa kuti anthuwa anawalakwira chiyani, iye n'kuseka. Kenaka ndinamufunsa ngati eni nkhopezo analiona bukulo. Anati, "Ena analiona." Ndinamva bwino kuti wati ena. Koma kunyumba ufa unali pansi pa thumba, ndiye ndinavomera.

Kwa amene mumaganiza kuti kujambula n'kungodina, imvani. Tinkayamba dzuwa lisanakwere, n'kupuma likafika pamutu, n'kuyambanso likapendeka, chifukwa ba Marita ankati dzuwa la masana limakumba maenje m'maso mwa munthu. Iye ankanyamula kamera ndi malenzi awiri, lalifupi la pakhomo ponse ndi lalitali la nkhope. Ine ndinkanyamula chikwama cha mabatire ndi mamemori kadi, miyendo itatu yoimikira kamera, ndi rifulekita. Rifulekita ndi chinsalu chozungulira chokhala ndi waya m'mphepete, mbali ina yoyera, ina yasiliva yonyezimira. Umachipotokola n'kukhala chaching'ono ngati mbale, ukachimasula chimatambasuka mwaukali, ndipo tsiku loyamba chinandimenya pamphuno. Nchito yake n'kutenga kuwala kwa dzuwa n'kukuponyera kumbali ya nkhope imene ili mumthunzi. Umaimirira manja ali m'mwamba, osagwedezeka, mpaka mapewa atayaka moto. Ba Marita ankangoti, "Kwezani pang'ono. Pendeketsani. Pamenepo, musapume."

Tikafika pakhomo kamera inkayamba yakhala m'chikwama. Tinkakhala pansi, ine n'kulonjera, n'kufotokoza kuti mlendoyu amasonkhanitsa nkhope za anthu a padziko lonse, ndipo chithunzicho chidzaonedwa kutali. Munthu akavomera, ankamuimika pamthunzi wa khonde kapena pakhomo, kumbuyo kuli mdima. Sankalola kuti munthu akasambe kapena kusintha zovala, ndipo pamenepa tinkakangana ndi anthu tsiku lililonse, chifukwa kwathu kuno chithunzi chimafuna jekete. Kenaka ankanditsinzinira kuti ndinene kanthu koseketsa. Munthu akaseka, iye sankadina. Ankadikira kuti kuseka kuthe, nkhope ikubwerera m'malo mwake, ndiye n'kudina. Akamaliza ankatembenuza kamera n'kumuonetsa munthuyo nkhope yake pakagalasi ka kumbuyo. Ichi sankaiwala. Ankati, "Sindichoka ndi nkhope imene mwini wake sanaione."

Tinajambula amuna otuluka m'mafakitale a ku Industrial, fumbi loyera lili m'nsidze. Tinajambula azimayi ophwanya miyala, makondakitala a maminibasi amene sankatha kuima osakweza zala ziwiri, ndi mkulu wina wosoka nsapato amene anatiuza kuti tidikire amalize kaye chidendene. Madzulo ndinkafika kunyumba miyendo itatupa, nshima n'kuidya nditagona chammbali. Kutopa kwa thupi kunali kochepa. Chondilemera chinali pakamwa pa anthu. Kumsika anayamba kunena kuti amake Lute ayamba kugulitsa anthu kwa a satana. Mtsikana wina wa m'kwaya anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ambuya, tizamipempherera." Ndipo ndinazindikira msanga kuti anthu sankavomera ba Marita. Ankavomera ine. Kuno mlendo wobwera ndi munthu wamkulu sakanidwa pamaso. Akati "chabwino," nthawi zina ndiye kuti akufuna, nthawi zina ndiye kuti akuchita ulemu, ndipo kusiyanitsa ziwirizi inali nchito yanga imene sinali pa mgwirizano.

Tsiku lovuta linafika m'sabata yake yomaliza. Tinapita kumudzi wa asodzi kumunsi kwa mlatho, dzuwa litapendeka. Tikudutsa pakati pa nyumba ndinaona pabwalo lina phulusa lalikulu ndi zitsa zopserera, udzu utapondedwa. Ndinadziwa kuti panali maliro ndipo anthu abalalika posachedwa. Kuseri kwa nyumba, pamphasa, panakhala mzimayi wachichepere wovala zakuda, duku lakuda kumutu. Ndinamuzindikira. Anali Mutinta, amene kale ndinkagula nsomba za m'bwato la mwamuna wake. Mwamunayo anadwala pang'ono n'kumwalira, n'kumusiyira ana awiri aang'ono.

Ba Marita anaima. Ndinaona mmene anamuyang'anira, ndipo ndinamugwira mkono. Ndinamuuza kuti apa tipitirire. Ndinamufotokozera kuti mkazi wofedwa, abale a mwamuna asanamumasule ku mwambo wa maliro, sapesa tsitsi, sadzola mafuta, sapereka moni wa m'manja, saseka mokweza, ndipo sadziyang'ana pagalasi. M'nyumba ya maliro magalasi amawaphimba ndi nsalu. Ngakhale ife opemphera amene timati zakale tinasiya, zikafika pakhomo pathu timaphimba. Ba Marita anamva. Anatseka lenzi ndi chivindikiro chake, ndipo tinayamba kuyenda.

Anatiitana ndi Mutinta mwini.

"Ambuya, bwelani."

Ndinapita ndekha, n'kukhala m'mphepete mwa mphasa, n'kumupepesa.

"Ndiye mzungu wamene akopa bantu uyu? Nifuna anikope."

"Iwe mwana, ukali mu vakuda. Yembekeza bakumasule."

"Azayembekeza yeve?"

"Ayenda pa Chisanu."

"Mwaona. Ambuya, batate ba bana aba banalibe foto olo imozi. Pa malilo banakulisa ija ya pa reji, kakadi ka boma, yaoneka monga munthu ali mu manzi. Mwana wanga mukulu anakana, ati aba si badadi. Ine naonda, nikosola usiku. Sinifuna bana bakanisakile pa reji."

Ndinayang'ana pabwalo. Panalibe munthu wamkulu. Anati apongozi ake apita kukiliniki, ndipo mlamu wake Esinati, mlongo wa malemuyo amene amakhala ku Estates, wapita kukagula makala. Ndinamuuza kuti mipanda ya bango ili ndi maso. Anati akudziwa. Ndinabwerera kwa ba Marita n'kumuuza zonse, osachotsapo. Ndinamuuzanso kuti zikadziwika, mtsikanayu akhoza kuthamangitsidwa panyumbapo, chifukwa abale a mwamuna akamafuna katundu amangosowa poyambira. Iye anati, "Ndi munthu wamkulu, ndipo wapempha yekha. Ndimukane chifukwa cha anthu amene palibe?"

Funso limenelo mpaka lero sindinalipezere yankho lokhazikika. Ndinangomuuza zinthu ziwiri: lero sindiseketsa munthu, ndipo kagalasi ka kumbuyo asamuonetse.

Mutinta anakhala pakhomo la nyumba, kumbuyo kwake kuli mdima. Sanakonze duku. Ndinatambasula rifulekita, mbali yasiliva, chifukwa dzuwa linali litafooka. Kuwala kutagwera pankhope yake ndinaona mmene mafupa a m'masaya anatulukira. Ba Marita anagwada, anadina kangapo, n'kuimirira. Ndiye dzanja lake linachita zimene linazolowera zaka zonse. Linatembenuza kamera. Ndinati, "Iyayi," koma Mutinta anali atagwira kale lamba wa kamerayo n'kuikokera kwa iye.

Anayang'ana. Kenaka anaseka. Sikunali kuseka kwa chisangalalo, kunali kamodzi kokha, kotuluka ngati chikhosomo, n'kudzigwira pakamwa. Ndipo ba Marita, pozolowera kudikira mapeto a kuseka, anakweza kamera n'kudinanso.

"Mulamu."

Esinati anali ataima pampata wa mpanda, thumba la makala lili pamutu. Analitsitsa pang'onopang'ono. Sanakuwe poyamba, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

"Doti ya pa manda ikalibe kuuma, iwe uli pa sinema. Na galasi yaikulu so bakubweletsela. Waziona? Uli bwino? Uzapeza mwamuna?"

Ndinayesa kunena kuti chimene ndagwirachi si galasi, n'chinsalu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Imwe ambuya, na nkhope yanu ya mapemphero. Mwasiliza kugulisa nsomba, manje mugulisa bamukamfwilwa, bakazi bofedwa?"

Anthu anayamba kudzaza kumpanda. Esinati analowa m'nyumba n'kutulutsa mtolo wa zovala za Mutinta, n'kuuponya pafumbi. Anati nyumbayi anamanga ndi mlongo wake, ndipo mkazi woseka pa maliro aziona njira, ana atsala. Mutinta anangokhala pamene anali, maso pansi.

Ba Marita anayamba kulankhula msangamsanga. Anati afafaniza zithunzi zonse pomwepo. Ndinamasulira, Esinati n'kuyankha kuti, "Azafafaniza na vamene naona na menso yanga?" Kenaka ba Marita anayamba za malamulo, kuti mkazi wamasiye ali ndi ufulu pa nyumba, kuti iye akhoza kuimbira foni anthu a ku Lusaka. Zimenezo sindinamasulire. Malamulowo alipo, sindikukana, koma a ku Lusaka akabwerera kwawo mtsikanayo akanatunga madzi pachitsime chimodzi ndi anthu omwewo. Ndinamuuza m'chizungu changa chothyokachi kuti akhale pansi, pafumbi, kamera aiike patsogolo pake, atseke pakamwa. Anandiyang'ana ngati sanandionepo, koma anakhala.

Ine ndinagwada. Ndinauza Esinati kuti mlandu wa pakhomo saweruza mlamu, tidikire mwini mbumba. Anthu a kumpanda anavomereza, iye n'kusowa pokanira. Ndiye tinadikira. Sindidziwa kuti inali nthawi yaitali bwanji, koma mawondo anga anayamba kuwawa, kenaka anachita dzanzi, kenaka sindinawamvenso. Udzudzu wa kumtsinje unayamba kutuluka. Ana a Mutinta anabwera kuchokera kosewera, mzimayi wina n'kuwatengera kunyumba kwake.

Apongozi ake anafika akuyenda ndi ndodo, kapepala ka mapiritsi kali m'manja. Anali mayi wokalamba kuposa ine, wa Chitonga, wosalankhula zambiri. Anakhala pampando, Esinati n'kufotokoza, kuwonjezamo ndi mchere. Atamaliza, mayiyo anatambasula dzanja kuloza kamera.

"Leta nione."

Ba Marita anayenda ndi mawondo n'kuwaonetsa chithunzi choyamba. Mayiyo anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anachiyandikizanso. Esinati anati, "Si iyi, kuli ina. Pitilizani." Ba Marita anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti aonetse, chifukwa chobisa chikadziwika chimakula kuposa mmene chinalili. Chinatuluka chachiwiricho, dzanja lili pakamwa, maso atachepa.

"Unaseka chani?" mayiyo anafunsa.

Mutinta anayankha osadzutsa mutu. "Sininazizibe, amai. Naona nkhalamba, nati nindani uyu wavala duku yanga."

Kumpanda wina anayamba kuseka n'kudziletsa. Mayiyo sanaseke. Anabwezetsa chithunzi choyamba chija n'kuchiyang'ananso, ndiye n'kuyang'ana mpongozi wakeyo nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba chichitikire maliro. Ndinaganiza kuti mtima wawo wafewa. Koma ine ndakhala pa milandu yambiri, ndipo ndimadziwa kuti mayi sangachititse manyazi mwana wake womubereka pamaso pa anthu chifukwa cha mwana wa eni.

Chiweruzo chinali chotere. Mutinta akhala m'nyumbamo ndi ana ake, ndipo Esinati atole yekha zovala zimene anataya. Koma masiku a zakuda ayambiranso pachiyambi. Bwato ndi maukonde zipita kwa amuna a kubanja la malemu, akuti mpaka zinthu zitakhala bwino. Chithunzi chosekacho chifafanizidwe iwo akuona, ndipo chinafafanizidwa. Chinacho achitsuke papepala, koma adzasunga ndi iwo mpaka tsiku lomumasula. Pomaliza anatembenukira kwa ine.

"Imwe banzanga, ndimwe bakulu. Musakapondenso pano."

Ndinawomba m'manja kuthokoza. Kuimirira kunandikanika, anachita kundidzutsa azimayi awiri a kumpanda.

M'galimoto ba Marita analira. Ankangonena kuti dzanja linachita lokha. Ndinamukhulupirira, koma mphamvu zomutonthoza ndinalibe. Ndinali kusisita mawondo, ndikuganiza za bwato lija. Bwato ndilo linkadyetsa ana aja, ndipo mawu akuti "mpaka zinthu zitakhala bwino" ndinawamvapo kambiri, sindinaonepo tsiku lake likufika.

Lachisanu ba Marita anakwera ndeke kupita kudziko lina kukafuna nkhope zina. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Chithunzi anachitsukadi ku Lusaka, chachikulu bwino, n'kuchitumiza palodji. Popeza ine apongozi aja anandiletsa kupondako, anakapereka ndi amake Bupe. Mutinta anamumasula mvula itayamba, ndipo ndinamva kuti apongozi ake anamupatsa chithunzicho monga ananenera. Bwato silinabwerere. Lero amagula nsomba za m'mabwato a ena n'kumagulitsa pamsewu pafupi ndi mlatho, akuthamangira mabasi ndi mbale pamutu. Tikakumana timalonjerana. Tsiku lina ndinamufunsa ngati amadandaula. Anati, "Foto ilipo, ambuya. Bana baiziba." Kenaka basi inaima, n'kuthamanga.

Chichokereni ba Marita, abwera enanso ojambula, akuda ndi oyera omwe, ndipo a palodji amanditumizira uthenga. Mawondo akalola ndimapita, chifukwa adzukulu sanasiye kudya. Rifulekita tsopano ndimaipinda ndi dzanja limodzi. Koma kamera isanatuluke m'chikwama ndimafunsa mafunso anga, ndipo ena amatopa nane. Pakhomo pano mwini wake ndani? Wapita kuti, abwera nthawi yanji? Munthu amene wavomerayu, ife tikachoka, agona m'nyumba ya yani? Ngati wamkulu wa pakhomo palibe, timakhala pansi n'kumudikira, ngakhale dzuwa labwino lithe. Mnyamata wina wojambula anakwiya, anati ndamutayitsa kuwala. Ndinamuuza kuti dzuwa lituluka mawa, ndipo iye mawa lakelo adzakhala ali pa ndeke. Wojambulidwayo ndi ine tidzakhala tili konkuno.